Nditasiya Kusamba, Ndinasambitsa Mnzanga

Kutentha kunandipeza koyamba m'munda wa tiyi, tsiku la chiperoni. Nyengo imeneyo masamba amakhala ochepa, ndipo othyolafe tinali titatsala owerengeka. Phiri silinkaoneka n'komwe. Nkhungu inali itatsika mpaka m'mizere, moti mnzako woyandikana naye unkangomumva kutsokomola osamuona. Aliyense anali atadzikulunga, wina juzi, wina thumba la feteleza loboola pakati, zala zitauma ndi kuzizira. Ine ndinangomva ngati wina wandikhuthulira makala pachifuwa. Moto uja unakwera pakhosi, unafika kumaso, n'kulowa m'tsitsi. Ndinavula juzi, ndinamasula duku, thukuta likuyenderera kumsana pansi pa dengu. Mayi wina anatulukira mu nkhungu muja, anandiyang'ana, n'kubwerera mumzere wake.

Apa n'kuti nditatha miyezi ingapo osapita kumwezi. Poyamba ndinkayesa kuti ndaima, ndipo manyazi ake anandisowetsa tulo, poti mwana wanga wamkazi anali ndi khanda kumsana. Agogo kutenga pakati limodzi ndi mwana wawo, mudzi wathu wonse, mpaka pamsika pa Limbuli, ukanaseka chaka chathunthu. Koma mimba sinakule. Mayi anga anamwalira ndili ndi ana awiri okha, asanandiuze kanthu za kumapeto kwa msambo. Kuchinamwali anatiphunzitsa za chiyambi chake: kasamalidwe ka nsalu, kusathira mchere m'ndiwo, kutalikirana ndi mwamuna masiku amenewo. Za nthawi imene zonsezi zidzathe, palibe namkungwi amene anatchulapo.

Ndinali ndi mnzanga amene tinavinidwa limodzi. Ankandiposa zaka zochepa, ndipo tinkaitanana kuti achemwali ngakhale panalibe ubale. Ankagulitsa nthochi ndi zinanazi, ndipo malonda akayenda ankaoloka malire kupita ku Milanje, ku Mozambiki, kukapikula zitenje. Anali mayi wathupi, wapakamwa, wosadziwa kunong'ona. Ndinamuuza za kutentha kuja tikuchapa kumtsinje, miyendo ili m'madzi otsika kuphiri amene amaluma mafupa.

Anandiseka kaye. Kenako anandiuza kuti iye zinamuyamba kalekale, ndipo anandiphunzitsa mmene ankadzisamalira. Anati ndiziyenda ndi kansalu konyowa m'thumba la pulasitiki, moto ukabwera ndiziika pakhosi. Anati ndiziwiritsa masamba a mapeyala n'kumamwa madzi ake atazizira, ndichepetse tsabola, ndisamakhalitse pamoto, ndipo ndizisamba kumtsinje m'mawa dzuwa lisanakwere. Mawondo akamaphwanya ndizithowa ndi masamba a nimu. Mtima ukamathamanga popanda chifukwa ndizikhala pansi, msana utatsamira mtsuko wa madzi. Zonsezi ndinazichita, ndipo zina zinandithandizadi.

Titamaliza kuchapa, tikuyanika pamwala, m'pamene anatchula lamulo lalikulu. Anati akuluakulu amanena kuti magazi a mwezi ndi mwezi ndiwo amatsuka m'mimba mwa mkazi. Akasiya, za abambo zikalowa zimasowa potulukira. Zimaunjikana, zimaola, mimba n'kuyamba kutupa mpaka munthu kufa. Choncho mkazi akasiya kusamba amayenera kuvula mikanda ya m'chiuno, n'kuyala mphasa yakeyake.

Ndinamufunsa ngati iye anatero.

"Ine ndinakana, achemwali," anatero. "Bambo aja ndikangowachotsa pamphasa, mawa lomwe akagona ku Muloza. Kumeneko kuli atsikana osadziwa mawondo kuphwanya."

Anaseka, inenso ndinaseka. Kunyumba sindinauze amuna anga chilichonse. Iwo ndi munthu wofatsa, wa kabaza, amene tsiku lonse ankapalasa njinga kunyamula anthu ndi matumba pakati pa Muloza ndi Limbuli. Ndinaona kuti ngati mnzanga akuyenda bwinobwino, inenso ndiyenda.

Mvula itayamba, mimba ya mnzanga inayamba kuoneka. Poyamba anthu ankamuseka kuti wadya phindu la nthochi. Koma nkhope inkaphwa pamene mimba inkakula. Mikono inasanduka timitengo, mafupa a m'khosi anatuluka, ndipo chitenje chinaleka kukumana m'chiuno. Anthu anasiya kumuseka n'kuyamba kunong'ona. Pachigayo, pamjigo, potuluka m'tchalitchi, nkhani inali imodzi, yoti anauzidwa koma sanamve. Anamwa mizu ya asing'anga a kuno ndi a kutsidya. Atapita kuchipatala anamuchotsa madzi m'mimba, anapepukidwa kwa kanthawi, kenako inadzazanso. Anabwerera kunyumba ndi mapiritsi ochepetsa ululu.

M'mudzi mwathu munali mayi wina wachikulire amene tinkangowatchula kuti amayi akutsidya. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, okha, ndipo nkhondo itatha sanabwerere. Anali aatali, ouma thupi, osakonda kuyankhula. Ankasuta fodya wopichira m'chikoko cha chimanga, moto uli m'kati mwa kamwa, moti utsi unkangotuluka m'mphuno popanda kuona pamene ukuyakira. Iwo ndiwo ankatsogolera posambitsa maliro a akazi. Ana ankawathawa, ndipo akulufe tinkawapatsa moni mwaulemu koma osaima nthawi yaitali.

Tsiku lina masana ndikusenda nandolo pakhonde, ndinangoona chithunzi chagwera m'lichero. Nditakweza maso, anali iwo. Sindinawamve akubwera. Ndinawayalira mphasa, koma anakhala pansi padothi, miyendo atatambasula.

Anati aona kuti papita nthawi yaitali ndisanaitane mng'ono wanga kudzandithirira mchere m'ndiwo. Zinali zoona. Nyumba ya mng'ono wanga ili moyang'anana ndi yanga, ndipo kale ndikakhala kumwezi ndinkamukuwira kuti adzathire. Sindinkadziwa kuti pali munthu amene ankamvetsera kukuwa kumeneko, n'kuzindikiranso kuti kwasiya.

"Mwazizira tsopano," anatero. "Manja anu ayera. Osambitsa tatsala awiri, winayo maso akumuvuta."

Pomwe ankanena kuti ndazizira, n'kuti kansalu konyowa kali pakhosi panga. Ndinawauza kuti ine ndimaopa maliro, kuti ngakhale mayi anga enieni sindinawaone nkhope. Iwo anatulutsa fodya m'kamwa, anamuyang'ana, n'kumubwezeramo.

"Sindinabwere kudzapempha. Ndabwera kuti mudziwiretu. Woyambirira wanu mukumudziwa kale."

Ananyamuka n'kumapita. Ndinakhala pomwepo nandolo ali m'manja. Mnzanga uja n'kuti ali moyo, ndipo dzulo lake anali atadya phala.

M'mawa mwake ndinapita kukamuona. Ndinamupeza atamugoneka panja pansi pa mtengo wa mango, atatsamira mtondo wogwetsa. Amuna ake anali kudimba. Ntchentche zinkamuzungulira, ndipo panali fungo lina lotsekemera moipa, ngati nthochi zimene zaiwalika m'nkhuti. Sindinamuuze za amayi akutsidya. Tinakamba za mitengo ya zitenje, za mdzukulu wanga amene anali atayamba kukwawa. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake. Khungu linali lolimba, lonyezimira ngati la ng'oma. Anadzigogoda pang'ono mbali inayo, ndipo ndinamva chinthu chikubwera kudzagunda chikhatho changa, ngati funde la m'ndowa.

"Wachimva?" anafunsa. Kanali koyamba kundiyankhula ndi iwe kuyambira tili atsikana.

Ndinavomera ndi mutu.

"Ukamadzandisambitsa, usadzafunditse madzi. Ndatopa nako kutentha. Ndipo izi zili m'katimu usadzalole zipite nane."

Ndinamufunsa amene anamuuza kuti ndidzamusambitsa ndine. Anati palibe, koma ndani wina. Kenako anatseka maso n'kunena kuti akufuna kugona. Ndinakhala pambali pake ndikumuingitsira ntchentche mpaka amuna ake atabwera.

Anamwalira patapita masabata ochepa, m'mawa anthu akupita kumunda. Kulira kutangomveka, ndinadziwa kumene kukuchokera. Sindinadikire kuitanidwa. Ndinamanga chitenje chakale, n'kupita. Amayi akutsidya ndinawapeza ataima pakhomo la kuchipinda, ngati akudikira ine. Mnzawo wa maso ovuta uja anali atakhala kale m'kati, akung'amba nsalu.

Mayi wina wachibale anabwera ndi ndowa ya madzi ofunda monga mwa mwambo. Ndinamuuza kuti malemu anakana madzi ofunda. Anayang'ana amayi akutsidya, iwo anangogwedeza mutu, ndipo anatibweretsera a mumtsuko. Tinatseka chitseko. Kunja amayi a kutchalitchi anayamba kuimba. M'chipindamo munali kazenera kamodzi kotchinga ndi katoni, ndipo kuwala kunkalowera m'mphepete mwake ndi m'timabowo ta malata. Ngakhale anali masana, tinkaonana ngati tili pansi pa madzi.

Amayi akutsidya anagwada kumutu n'kuyamba kuyankhula ndi malemu m'Chilomwe, motsitsa mawu, ngati mmene umayankhulira ndi mwana amene ukumuvula kuti asambe. Chilomwe ndimachimva patalipatali, cha mayi anga. Ndinatolapo zoti asachite manyazi, onse m'chipindamo ndi akazi, ndipo wabwera ndi mnzake. Anandionetsa poyambira: kumaso, kuseri kwa makutu, m'khwapa, kutsika mbali ya kumanja kenako ya kumanzere. Anati ndisamadumphe thupi, ndizizungulira kumiyendo. Anati ndikafuna kumutembenuza ndizimuuza kaye.

Ndinayamba. M'chiuno mwake munali mikanda, yofiira ndi yoyera, itakwera pamwamba pa mimba mpaka pansi pa mabere chifukwa chosowa malo. Amayi akutsidya anaidula ndi lezala, mikanda n'kumwazika pansi. Ina inagubudukira pansi pa bedi, ndipo tinkaimva ikuyendabe patapita kanthawi.

Ndikupukuta pamimba paja, moto wanga unabwera. Sunabwerepo mwamphamvu chotero. Unandikwera kuchokera m'mawondo, makutu anayamba kulira, thukuta linkagwa kuchokera pachibwano changa n'kumadontha pakhungu pake. Ndinafuna kutuluka, koma amayi akutsidya anandigwira pamkono n'kunena kuti wosambitsa satuluka asanamalize. Pamene dzanja langa linali, thupi la malemu linali lofunda. Ndikudziwa kuti kunali kutentha kwanga komwe. Komabe nditasuntha dzanja n'kugwira pena, ndinapeza kuti naponso m'pofunda.

Ndinawauza zimene anandipempha zija, zoti za m'mimba zisapite naye. Amayi akutsidya anati zimenezo amazidziwa. Tinamudzutsa pang'ono, ine nditamugwira mapewa, mutu wake uli pachifuwa panga. Iwo anaika nsalu zambiri pansi, n'kuyamba kukanikiza mimba ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba. Kunatuluka timadzi tochepa. Atakanikizanso kachiwiri, pakamwa pa malemu panatseguka, ndipo panatuluka mpweya wautali, wokhala ndi mawu m'kati mwake. Mlomo wake unali pafupi ndi khutu langa. Ine ndinamva kuti, "Tenga."

Mayi wa maso ovuta uja anati ndi mpweya chabe, maliro amatero kawirikawiri, ndisaope. Amayi akutsidya sanamuyang'ane.

"Ayankheni," anandiuza. "Mukapanda kuwayankha abwereza."

"Ndamva, achemwali," ndinatero.

Sindinadziwe chimene ndavomera. Tinamumanga chibwano, tinamuveka diresi lake la kutchalitchi limene tinachita kuling'amba kumsana kuti likwane. Mimba sinaphwe. Bokosi anachita kulikweza ndi thabwa lina. Titatuluka anatipatsa madzi a mankhwala osamba m'manja, ndipo kunja ndinapeza kuti dzuwa likuwala bwinobwino, ana akuthamangitsana kuseri kwa nyumba.

Tsiku lomwe tinaika maliro ndinavula mikanda yanga. Ndinatenga mphasa n'kukaiyala pabalaza. Amuna anga nditawauza chifukwa chake, anapitiriza kupukuta sipoko za njinga. Kenako anati ngati ndi mmene ndaonera, iwo alibe mawu, sakufuna kudzatchedwa wopha mkazi. M'mawa uliwonse ndikadzuka ndinkayamba ndagwira mimba yanga. Ndikadya kalongonda n'kutupidwa, mtima unkandithawa.

Chinanso chinachitika: kutentha kuja kunasiya. Kuchokera tsiku losambitsa lija, moto sunabwerenso. M'malo mwake ndinayamba kumva kuzizira, ngakhale inali nyengo yotentha. Ndinkavala juzi masana anzanga akudzikupiza ndi zipewa. Kansalu konyowa kaja kanachita nguwi m'thumba.

Patapita mwezi ndi kanthu, ndili m'munda wa tiyi, ndinamva chinyezi chimene ndinali nditachiiwala. Ndinapita kuseri kwa mitengo ya bulugamu kukaona. Anali magazi. Apa n'kuti chaka chitapitirira ndisanaone kanthu. Sanali ambiri, koma sanasiye. Tsiku lotsatira analipo, ndi linzakelo, akuda, obwera pang'onopang'ono. Ndipo pena ndikakhala ndekha m'nyumba ndinkamva fungo lotsekemera lija, la pansi pa mtengo wa mango. Ndinafufuza paliponse, kuseri kwa thumba la chimanga, pansi pa kabati, poganiza kuti pali nthochi imene yaolera penapake. Sindinapeze kanthu.

Ndinapita kwa amayi akutsidya. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi munda wa chinangwa. Ndinawapeza akusenda chinangwa chopanga makaka. Nditawafotokozera, sanadabwe.

"Si anu amenewo," anatero. "Ndi a mnzanu uja. Anasowa khomo, ndiye munamubwereka lanu. Asiyeni atuluke. Akatha asiya okha."

Anandiuza kuti nsalu zake ndisamazikwirire kapena kuziotcha, ndizichapa m'madzi oyenda kuti zipite kutali. Anati ndisathire mchere, ndisanyamule mdzukulu wanga, ndiponso ndisadutse njira ya kumanda. Anandipatsa makungwa owawa oti ndiziwiritsa. Ndinawafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anati mimba ija ndinaiona ndekha kukula kwake.

Ndinachita zonse zimene anandiuza. M'mawa uliwonse ndinkatsikira kumtsinje, kumunsi kwa pamene anthu amatunga, n'kumachapa nsalu zija ndikuyang'ana madzi ofiirira akupita. Nthawi zina ndinkamuyankhula. Ndinkamuuza kuti achemwali, fulumirani, inenso ndili ndi ntchito. Sindinkaona kuti ndikuchita zachilendo. Ndinkangomva ngati ndikumusenzera katundu, monga tinkachitira pochokera ku Milanje akalemedwa.

Amene anasokoneza zimenezi ndi mwana wanga wamkazi. Iye amaluka tsitsi pa Limbuli, ndipo ankakonda kundisiyira mwana akamapita. Nditakana kumunyamula kangapo, anandipanikiza mpaka ndinaulula. Sanatsutse za mnzanga zija. Anangoti kaya magaziwo ndi a ndani, akutuluka m'thupi la mayi ake, ndipo milomo yanga yayera. Anati kusikelo anawauza kuti mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi asadikire. Anapita yekha kukauza bambo ake, chinthu chimene mwana wamkazi sachita, ndipo m'mawa mwake njinga inali pakhomo, pampando wakumbuyo atayalapo chitenje chopinda.

Kuchipatala chaching'ono anatitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko namwino wina, wamsinkhu ngati wa mng'ono wanga, anandigoneka pabedi lalitali n'kundiyeza. Manyazi anandigwira, koma ndinakumbukira kuti inenso ndavulapo munthu. Anati pakhomo la chiberekero pamera kanyama, ndipo n'komwe kakutulutsa magazi. Anakachotsa tsiku lomwelo. Anandionetsa m'kabotolo: kanali kakang'ono ngati njere ya nandolo, kofiira, kokhala ndi kamchira. Anati akatumiza kokayeza kuti aone ngati si matenda oopsa aja, ndipo ndidzabwerenso kudzamva.

Ndinamufunsa za mnzanga, mmene mimba inatupira, ndi zimene anthu ankanena. Anati sangadziwe poti sanamuone, koma pali matenda a m'chiberekero ndi ena a chiwindi amene amadzaza madzi m'mimba chotero. Anati kugona ndi mwamuna sikutupitsa mimba, thupi limadziyeretsa lokha kaya munthu akusamba kaya anasiya. Kenako anandiuza kuti kwa masabata angapo ndisayandikane ndi abambo kuti pachilondapo papole. Ndinamuuza kuti mphasa ndinayala kale payokha. Za mawu amene ndinamva m'chipinda muja sindinamuuze.

Magazi anasiya sabata yomweyo. Amayi akutsidya nditakumana nawo panjira anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti aona kuti mnzanga wamaliza. Ndinawauza za kanyama kaja. Anati inde, chinthu chikamatuluka chimafuna pogwira. Sitinakanganepo.

Tsiku lokamva zotsatira tinapitanso ndi amuna anga. Anatiuza kuti kanyama kaja sikanali koopsa. Pobwerera mvula inatipeza panjira, ndipo tinabisala pakhonde la sitolo ina yotseka, njinga itatsamira khoma. Mitsinje yoyera inali itayamba kutsika m'matanthwe a phiri. Mwina chifukwa cha kupepukidwa mtima, ndinawafotokozera zonse, kuyambira za dzanja langa pamimba paja mpaka za mawu aja. Anamvetsera akuyang'ana madzi otsika padenga. Nditamaliza anati nawonso ali ndi chimene sanandiuze.

Anati masiku amene ndinkataya magazi aja, kawiri konse ndinawaitana kuti shefi. Kamodzi ndikuwapatsa madzi osamba, kachiwiri ndikuwafunsa ngati abwera ndi sopo. Umu ndi mmene malemu ankaitanira amuna awo, mawu amene anatola kwa amalonda a kutsidya, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Ine sindinawaitanepo choncho amuna anga moyo wanga wonse, ndipo mpaka lero sindikumbukira kuti ndinatero.

"Mawu ake anali anu," anatero. "Koma kaitanidwe kanali ka iwo aja. N'chifukwa chake chitseko cha kuchipinda ndinkachitseka."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere nthawi yomweyo. Anati ankaopa kuti akandiuza, ayankhidwa ndi wina.

Mvula itakata tinakwera njinga. 

Mphasa yanga inakhala pabalaza miyezi ina ingapo chilonda chitapola kale. Iwo sanandikakamize, ndipo ndikuganiza kuti nawonso ankadikira kuti atsimikize amene akukhala naye m'nyumba. Ndinabwerera kuchipinda nyengo yokolola, popanda kukambirana. Mikanda yokha sindinavalenso. Mimba yanga sinatupe, ngakhale kuti kwa nthawi yaitali ndinkaiyang'anitsitsa posamba. Moto uja unabweranso, wocheperapo, ndipo unakhala nane zaka zingapo usanazime wokha. Nditaumva koyamba ukukwera pakhosi ndinasangalala ngati ndaona mbale amene anasowa.

Amuna a mnzanga anakwatira kwina, kumudzi wa mkazi watsopanoyo, ndipo nyumba ija inagwa ndi mvula za chaka cha namondwe. Amayi akutsidya anamwalira chaka chathachi. Analibe wachibale ngakhale mmodzi, choncho tinawasambitsa ine ndi mayi wina amene wangoyamba kumene ntchitoyi. Thupi lawo linali lopepuka ngati mtolo wa mapesi. Kumsana kwawo tinapeza zipsera zazitali zakalekale zimene palibe amene ankazidziwa m'mudzi monse. Ndinawayankhula m'Chilomwe changa chothyokathyoka, kuwauza tikafuna kuwatembenuza. Mnzanga watsopanoyo ndinamupatsa kumiyendo, ine n'kukhala kumutu.